Mlendo Wobwera ndi Chitseko

M'kabati mwanga, pansi pa mabatani othothoka ndi zithunzi zakale, muli kiyi amene satsegula chitseko chilichonse. Ndi wamtali, wakuda ndi dzimbiri, womangiriridwa ku kathabwa kamene munthu wina anawotchapo nambala 4 ndi msomali wamoto. Ana anga anamuyesa pa zitseko zonse za m'nyumba mwathu muno mu Kabwe mpaka anatopa naye. Ine chitseko chake ndinachiona ndi maso angawa. Chinafika kwathu pa wilibala, chaka chimene mgodi unatsekedwa, ine ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Chaka chimenecho huta yoitanira antchito kumgodi inasiya kulira, ndipo tinayamba kuchedwa kusukulu chifukwa ambirife wotchi yathu inali yomweyo. Azibambo amene tinkangowaona Lamlungu anadzaza m'makonde, akusewera nsolo masanasana ngati ana. Ankati awapuluna, mawu amene ndinkawamva pokamba za mitengo yokha. Boma linkagulitsa makampani, ndipo palibe ankadziwa ngati nyumba za mgodi tinkakhalamozo zidzakhale zathu kapena za wina. Fumbi lochokera ku phiri lakuda la miyala yotsala kumgodi linkagwabe pa zovala zoyanika monga kale. Ilo lokha ndi limene silinachotsedwe ntchito.

Inali nyengo yokayikirana. Kunabwera anthu ovala mataye ogulitsa maminibasi amene palibe anawaonapo. Kunabwera abale amene anali asanaponde pakhomo chibadwire, atamva fungo la pakeji, ndalama zopatsidwa ochotsedwa ntchito. Choopsa kwambiri chinali maliro. Bambo wa kutsidya kwa msewu atamwalira, abale ake anafika ndi lole, nanyamula mipando, mbale, ngakhale mababu a magetsi, mkazi wake n'kutsala pa mphasa ndi ana. Amayi anaonerera zonsezo ataima pa mpanda wathu, manja ali m'chiuno. Kuyambira tsikulo, wachibale aliyense wa mwamuna ankamuona ngati lole imene ikubwera chafutambuyo.

Atate anali a ku Malawi, ochokera m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Nkhotakota. Anabwera ku Kabwe ali mnyamata, nagwira ntchito ya mapampu otulutsa madzi pansi pa mgodi, nakwatira amayi, Mlenje wa konkuno, osabwereranso kwawo. Za kwawoko sankazikamba. Nyengo yozizira ya chaka chimenecho anayamba kutsokomola, ndipo lamba wa thalauza lawo anamuboola mabowo atsopano ndi msomali. Amayi ankati ndi fumbi. Aneba ankanena zina, motsitsa mawu. Ine ndinkangosangalala kuti atate ali pakhomo tsiku lonse, atakhala pa mpando wa ndalema pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndikhoza kuwaluka tsitsi mmene ndingafunire.

Mlendoyo anafika masana ena a mphepo, kuchokera ku siteshoni ya sitima. Patsogolo panali mnyamata wa wilibala akutuluka thukuta, pambuyo bambo wamfupi wa imvi, wa mapewa otambalala, atakolowekera chikwama cha chiguduli paphewa. Pa wilibalapo panali chitseko. Chinali cha matabwa okhuthala, otuwa ngati phulusa, okhala ndi mabowo akale a misomali amene anatsekedwa ndi timitengo. Ana a mumsewu mwathu onse anali pambuyo pake. Atate atachiona anadzuka pa mpando, nachisisita ndi chikhatho asanapereke n'komwe moni kwa mwini wake. Kenako abale awiriwo anagwirana manja nthawi yaitali.

Anali mkulu wawo wa atate, wa bere limodzi. Ine ndinagwada monga ndinaphunzitsidwira, ndikuti, "Muli bwanji, ankolo?"

"Ine si ankolo," anatero m'Chichewa chokoka cha kunyanja. "Ndine atate ako aakulu."

Ndinayang'ana pansi. Atate ndinali nawo kale, ndipo sindinkafuna ena, aakulu kapena aang'ono. Ndinapitiriza kuwatchula ankolo nyengo yonseyo, mwadala, ndipo m'nkhani ino ndiwatchula choncho kuti mumve mmene ndinaliri wouma mutu.

Amayi anawalandira ndi ulemu wonse, wa mtundu uja umene umaziziritsa tiyi m'kapu. Atawapatsa madzi osamba m'manja anafunsa, "Ba mulamu, manje ichi chiseko ni cha chani? Nyumba ya ku maini ili na viseko vake."

"Ndi katundu wa mng'ono wangayu, alamu," anayankha ankolo, basi.

Madzulo ake, tikutsuka mbale kuseri, amayi anandinong'oneza kuti munthu wobweretsa chitseko chimodzi amafuna kubwerera ndi nyumba yonse. Anandipatsanso ntchito. "Uzibayang'ana. Bakagwila chintu chilichonse, ubwele uniuze." Palibe ntchito ina imene ndinaigwirapo ndi mtima wonse ngati imeneyo, ngakhale za malipiro zimene ndagwira ndili wamkulu.

M'mawa mwake makina osokera a amayi anakwera minibasi atakulungidwa m'bulangete ngati wodwala, kupita kwa mng'ono wawo ku Kamushanga. Wailesi inatsatira. Mbale za alendo zinalowa pansi pa bedi. Amati mlendo ndi mame, koma amayi ankati mame a ku Malawi sauma, chifukwa sabata inatha, ina n'kutha, ankolo osatchula za ulendo wobwerera. Chitseko chinatsamira khoma la kuseri, chofundidwa masaka.

Zokauza amayi sizinkasowa. Ankolo anali ndi khalidwe logogoda zinthu. Akadutsa pa tebulo ankaligogoda ndi mfundo ya chala, n'kupendeketsa mutu ngati akumvera yankho. Anagogoda mipando, anagogoda shelefu. Tsiku lina ndinawapeza kuchipinda kwa makolo anga, atatsegula wodilopu yaikulu imene atate anagula atangokwatira, akukanda mkati mwake ndi chikhadabo n'kununkhiza. "Mlombwa weniweni," anauza atate. Atate anaseka n'kunena kuti kuno amati mukwa. Ndinathamanga kukanena. Amayi anangoti, "Waona? Bayamba kusankha."

Masana ankolo ankakhala pafupi ndi mpando wa atate, akunola zida zawo pa mwala: kasemasema, matchizulo, ndi nyundo ya mtengo yosalala chifukwa chogwiridwa zaka zambiri. Ine ndinkakhala chapatali, ndikunamizira kusewera ndi zitsekerero za mabotolo, makutu ali tcheru. Ndi mmene ndinamvera mbiri ya kwathu, mbiri imene atate anali asanandiuzepo. Sankafotokozera ine ayi. Ankakumbutsana okha, wina akayamba wina n'kumaliza, atate akuseka mpaka chifuwa chiwagwire.

Agogo awo, akuti, anaphunzira kupanga ngalawa za matanga kwa Aswahili amene ankawoloka nyanja kale. Anamanga chishedi chachitali pagombe, pansi pake potsetsereka kuti ngalawa ikatha azingoikankhira m'madzi. Mwana wawo, amene ndi agogo anga, analowa m'malo, ndipo ngalawa zawo zinkadziwika mpaka kutsidya chifukwa sizinkalowa madzi. Kenako kunabwera sitima zachitsulo za injini, msewu nawo unafika, ndipo anthu anasiya kuitanitsa ngalawa. Yomaliza, imene inali yaikulu kuposa zonse, inatsala m'shedimo yopanda wogula. Anthu odikira sitima, imene inkachedwa mmene ifunira, anayamba kugona pansi pake pothawa mvula, agogo aakazi n'kumawagulitsa tiyi ndi nsomba zowotcha. Agogo aamuna ataona kuti ngalawa yawo ikudyetsa banja ili pamtunda, anaiphwasula okha, akulira. Shedi ija anaimanga ndi njerwa, naigawa zipinda, ndipo matabwa a ngalawa imene sinalaweko madzi anasanduka zitseko. Ndi mmene inayambira nyumba ya alendo imene ankolo ankayang'anira.

Chimene chinkawaseketsa kwambiri chinali pansi pake. Palibe anaganiza zowongola potsetsereka paja, choncho bedi lililonse linali ndi njerwa pansi pa miyendo iwiri. Mlendo akagwetsa lalanje, linkagubuduzika kutuluka m'chipinda, kudutsa m'khonde, ulendo wa kunyanja. Akuti wamalonda wina woledzera anachotsa njerwazo usiku, nadzuka m'mawa miyendo ili pakhomo. Nditakawauza amayi zimenezi, sanaseke. Anati nyumba yopendekeka, eni ake nawonso ndi opendekeka.

Tsiku lina ankolo anadandaula kuti alendo a masiku ano amakana zipinda za makatani, amafuna za zitseko. Ndinaiwala kuti ndine kazitape, ndinafunsa kuti nanga zitseko zinazo zinapita kuti.

Ankolo anayang'ana atate, atate anayang'ana mtengo wa mango. "Zinapita paulendo," anatero ankolo. "Cha nambala wani chinapita ndi agogo ako aamuna. Cha nambala thu, agogo ako aakazi. Chachitatu, mlongo wathu."

"Anapita kuti?"

"Kutsidya."

"Anabwerako?"

Ankolo anathira madzi pa mwala wawo n'kupitiriza kunola.

Ndinawerenga ndekha pa zala. Chitseko chimene chinali kuseri kwa nyumba yathu chinali cha nambala 4, kiyi wake ndinali nditamuona akulendewera pa loko. Mantha anga anasiyana ndi a amayi kuyambira pamenepo. Amayi ankaopera wodilopu ndi nyumba. Ine ndinadziwa kuti munthu uyu wabwera kudzatenga atate, kupita nawo kutsidya kwa nyanja kumene anthu a zitseko sabwerako. Usiku ndinkagona nditamangirira ulusi ku chala changa, mbali ina ku chigwiriro cha chitseko cha makolo anga, kuti akamatuluka ndimve.

Chimene chinaphulitsa nkhani ndi chingwe. Kunali kutayamba kutentha, ndipo atate anali atagona pa mphasa pansi pa mango, pakamwa pali yasa. Ndinaona ankolo akutulutsa chingwe cha thonje m'thumba. Anagwada mwakachetechete, nachiyala kuchokera kumutu kwa atate mpaka kuchidendene, namanga mfundo. Anachiyalanso m'mapewa, namanganso mfundo. Aliyense wokulira mu komboni amadziwa kuti munthu woyeza mnzake ndi chingwe ali m'tulo si telala. Ndinathamanga mpaka kumpopi kumene amayi ankachapa, n'kuwauza zimene ndinaona.

Amayi sanapukute n'komwe thovu m'manja. Analowa m'nyumba, natulutsa chikwama cha chiguduli, nachiponya pabwalo, zida zikulira m'katimo. Ndinali ndisanawamvepo akukweza mawu kwa munthu wamkulu. Anati katundu angatenge, wodilopu angatenge, koma mankhwala pa mwamuna wawo ayi. Anati abwerere nacho chitseko chawocho lero lomwe, sitima ikadalipo. "Nindani anakuitanani kuno? Nindani?" Aneba anali atafika kale pa mpanda, ena atanyamula ndi mipando m'maganizo.

Ankolo sanatole chikwamacho. Anaima manja ali kumbuyo, nayankha motsitsa kwambiri moti a pa mpanda sanamve. "Alamu, wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko."

Atate anali atadzuka, atakhala tsonga pa mphasa. Anaitana amayi ndi dzina lawo lenileni, limene sankalitchula pagulu, nalowa nawo kuchipinda n'kutseka. Ndinamata khutu pa khoma. Ndinamva mawu a atate okha, aatali, odukizadukiza ndi chifuwa. Kenako ndinamva kaphokoso kochokera kwa amayi, kangati ntchirichiri, kamodzi kokha. Amayi atatuluka anapita kumpopi, nasamba kumaso nthawi yaitali. Kenako anatola chikwama chija, nachisasa fumbi, nachibwezera m'nyumba ndi manja awiri.

Lero ndikudziwa zimene zinanenedwa m'chipindamo. Atate ndi amene anatumiza mawu kwawo kudzera mwa dalaivala wa lole, atangochoka kuchipatala kumene anawauza zoona. Ndimakhulupiriranso kuti amayi ankadziwa kale mbali ina ya zoonazo, popeza ndi iwo ankachapa mipango imene atate ankatsokomolera. Kuda mlamu kunali kopepuka kusiyana ndi kuyang'ana lamba uja. Sindiwaweruza. Ndakhalapo ndi odwala, ndipo ndaona kuti mtima umafuna wina woti um'kwiyire.

Koma pa nthawiyo ndinaona chinthu chimodzi chokha: amayi awadyetsa. Umboni unalipo. M'mawa mwake iwo eni anatulutsa zovala zonse mu wodilopu, naziika m'makatoni, nagwirizira ankolo pamene ankaiphwasula thabwa ndi thabwa. Makina osokera anabwerako ku Kamushanga. Wailesi inabwerera pa shelefu. Amayi anayamba kuwaikira ankolo nyama yaikulu, n'kumawatchula kuti atate aakulu a mwana. Nditapita kukanena kuti ayamba kucheka chitseko, anandiyankha kuti, "Siya, mwana wanga. Nchito ija yasila," kutanthauza kuti ukazitape wanga watha. Ndinaganiza za usipa wouma umene ankolo anabwera nawo, umene amayi anadya kwambiri. Kuyambira tsikulo ndinakana usipa, ndikuti ukundiyabwa pakhosi. Ndinatsala ndekha pa ulonda.

Ntchito inkachitikira kuseri, m'kampanda ka masaka kamene ankolo anazika pakati pa nyumba ndi chimbudzi. Aliyense wofunsa ankauzidwa kuti akupanga bwato. Atate ndi amene ankayankha choncho, akumwetulira. Anthu a mumsewu anagawanika. Ena ankaseka kuti Mmalawi akudikira chigumula mu Kabwe. Ena ankati ndi bokosi lozembetsera zitsulo zakuba za kumgodi, popeza masiku amenewo zingwe zamagetsi ndi mapaipi zinkamera miyendo. Mayi wina, mkazi wa woyang'anira akaidi ku Mukobeko, analumbira kuti ndi ndege ya usiku. Akuluakulu ena ndikuganiza anazindikira, chifukwa anasiya kufunsa ndipo anayamba kubwera kudzacheza ndi atate atavula zipewa. Kupangira munthu wamoyo chinthu chotere ndi malaulo kwa Alenje, kwa Abemba, ngakhale kwa Achewa anzawo. Banja la atate lokha ndi limene linkaona kuti ndi ulemu, ndipo linkadziwa kuti ena sangamvetse.

Mungafunse kuti mwana wa mu Kabwe wa zaka zimenezo, amene ankaona maliro pafupifupi sabata iliyonse, analephera bwanji kuzindikira. Mabokosi amene ndinkawadziwa anali a mapulanga opyapyala, a makona, okutidwa nsalu yakuda. Ichi chinali china. Ndinkasuzumira pa bowo la saka, ndipo ndinkaona ankolo akuwiritsa madzi mu dilamu, akufewetsa matabwa a wodilopu pa nthunzi, n'kuwapinda pang'onopang'ono mpaka akhote ngati nthiti. Chitseko chinakhala pansi pake, chosemedwa mosongoka kumapeto. Msomali uliwonse ukatulukira mbali ina ankaupinda nsonga n'kuibwezera m'thabwa. Fungo la mukwa wopalidwa linadzaza pabwalo, ndipo tizipalo tofiira tinkamatirira ku mapazi. Chivundikiro panalibe. Mwambo wawo unali wakuti chimenecho sachipanga mwini wake akupuma.

Ndinaganiza zokafunsa munthu wodziwa mapu. Tsiku lina anzanga atatuluka, ndinatsalira n'kufunsa aphunzitsi athu ngati bwato lingachoke mu Kabwe mpaka kukafika ku nyanja ya Malawi. Aphunzitsiwo anali bambo wokonda nthabwala, amenenso mkazi wake anali atangochotsedwa ntchito ku njanji. Anaseka, natambasula mapu ong'ambika, naika chala pa kadontho pakati pa dziko. "Iwe, Kabwe ilibe nyanja. Manzi yatu yali chabe mu migodi, kuchokela pamene mapampu yanaima. Boti izayenda bwanji, pa njanji?" Kenako anafunsa kuti bwatolo ndi la ndani. Nditawauza kuti ndi la atate, ndipo alipanga molingana ndi msinkhu wawo, anasiya kuseka. Anapinda mapu aja mosamala kwambiri, nandipatsa choko chathunthu, chatsopano, kuti ndipite nacho kunyumba. Ndinatuluka ndikudumphadumpha. Bwato linalibe njira, ndipo ndinali ndi choko.

Kumapeto kwa chilimwe, mitambo itayamba kusonkhana masana n'kubalalika madzulo, inafika ntchito yotseka mipata. Ankolo anati pamafunika thonje loviika m'mafuta, lolowetsedwa pakati pa matabwa ndi tchizulo chobuntha. Thonje la m'sitolo analikana. Amayi analowa m'nyumba, natenga pilo wawo, namusomola ndi lezala, nakhala pa mphasa kupota thonjelo pa ntchafu kuti likhale zingwe. Kugogoda kwa nyundo ya mtengo kunkamveka tsiku lonse, kofewa, kosafulumira, ndipo atate ankati akatseka maso akumva ngati ali kwawo pagombe ali mwana. Pofika nthawi imeneyo sankathanso kuyenda okha kupita kuchimbudzi. Ankolo ndi amene ankawanyamula, ine n'kumatsatira pambuyo kuti ndione ngati sakuwapitirira nawo.

Litatha, ankolo anachotsa saka limodzi n'kundiitana koyamba. Anati kwawo bwato silimatchedwa bwato lisanayesedwe, ndipo popeza nyanja kulibe, nyanjayo tiibweretsa ndife. Bwato la pamtunda amaliyesa polithira madzi m'kati: akapanda kutuluka, ndiye kuti sangalowenso. Anandipatsa ndowa yaing'ono. Ndinafuna kukana, koma atate anali atawakhazika pa mpando wawo pafupi pomwepo, atafunda bulangete m'kutentha konseko, ndipo anandikodola ndi maso.

Mpopi unkangodontha masiku amenewo, choncho tinatunga masana onse, ine ndi amayi. Madzi anakwera mpaka m'milomo. Ankolo anayala manyuzipepala pansi pake, nagona chamimba kuyang'ana. Tinadikira. Tsamba la mango linagwera m'madzimo n'kumazungulira. Ndinkapemphera mumtima kuti lidonthe, kuti ntchito yonse iwonongeke, munthuyu abwerere kwawo ndi manyazi. Koma pamene ankolo anasolola mapepala aja, ouma ngati mmene anawaikira, n'kuwaonetsa atate, ndinapezeka ndikuwomba m'manja. Linali bwato lokongola, ndipo madzi ake ndinatunga ndine.

Atate anapempha kuti awasendeze pafupi. Anaviika dzanja m'madzimo, nasisita m'mbali mwake kumene matabwa a wodilopu ankakumana ndi a chitseko. "Akulu, dzanja la bambo likadalipo," anatero. Anauza amayi kuti moyo wawo wonse anaugwira pothamangitsa madzi pansi pa nthaka ya Kabwe, ndipo amawadziwa mmene amayendera m'munsimo, makamaka tsopano mapampu ataima. Anati sakufuna kuti madziwo akawapeze. Amayi anatembenuka n'kuyamba kuanula zovala zimene zinali zisanaume.

Atate anamwalira mvula yoyamba itangogwa. Usiku wa maliro kunamveka kupala matabwa kuseri, ndipo m'mawa bwato linali ndi chivundikiro. Ine anandipititsa ku Kamushanga, sindinaone nawo kumanda. Aneba anadikira lole, koma sinabwere. Ankolo anakhala mpaka tsiku lometa, nakonza mwendo wa tebulo umene unkagwedera, nauza abale ena a kumudzi amene anafika ndi maso aatali kuti m'nyumbamo mulibe chawo. Ananyamuka ndi chikwama chawo cha chiguduli chokha. Pa siteshoni anandipatsa kiyi uja, nati chipindacho ndi changa tsiku lililonse ndikadzafuna. Ndinamulandira ndi dzanja limodzi, osathokoza. Amayi anandimenya kambama kumutu, koma sindinathokozebe.

Ndinakafika kunyanjako ndili mayi wa ana awiri. Nyumba ya alendo ikadalipo, pafupi ndi pamene mabwato a injini amakocheza, ndipo amaiyendetsa ndi mwana wamkazi wa ankolo. Anaika zitseko zachitsulo m'zipinda zatsopano za kumbuyo, koma mzere wakale anausiya ndi makatani ake. Ndinagona mu nambala 4, kuseri kwa chitenje chofwifwa, pa bedi la njerwa ziwiri. Pa chipinda chachisanu panalinso katani. Ndinafika mochedwa, ndipo mawu akuti atate aakulu ndinakawanenera pa mulu wa dothi.

Koma ndikamugwira kiyiyu, maganizo sapita kunyanja. Amabwerera kuseri kwa nyumba ya mgodi, masana aja a madzi. Titakhuthula bwato, ndinalowamo n'kukhala pansi, matabwa onyowa akuzizira m'miyendo. Amayi anatambasula dzanja kuti andikokemo, atate n'kuwaletsa. Ndinafunsa kuti nkhafi zili kuti, atate anati ili silifuna nkhafi. Ndinayeza ndi maso kuchokera uku mpaka uko, kenako ndinayang'ana atate, ndi amayi, ndi ine ndemwe. Mkwiyo unandigwira. Miyezi yonseyo ndinkaopa kuti awatenga, koma mumtima ndinali nditakonza kale kuti zikavuta ndidzalumphiramo, tipitire limodzi. Tsopano ndinaona kuti mmisiri wotchuka uja, ndi chingwe chake cha mfundo, walakwitsa muyeso.

"Ni ya muntu umozi chabe," ndinatero. "Nanga ine nizankala pati?"

Ndinatuluka m'bwatomo, ndipo tsiku lonselo atate sindinawalankhule.